Chambiko Chowiritsa

Priska anapeza chambiko chili pamoto, chikubwata.

Anali atachiyendera maola awiri, kukachipempha kwa amalume ake oweta ng'ombe ku Chapananga. Makapisozi anachiza chibayo cha bambo ake, koma anawasiya akutsegula m'mimba, ali kwala pamphasa, mbalame zikutha mapira kumunda.

"Amayi, adokotala anati amwe chosaphika. Muli tizilombo tabwino, tokonza m'matumbo."

"Tizilombo?" Amayi ake anasonkhezera moto osamuyang'ana. "Kolera itatenga mng'ono wako anatiuza chiyani? Wiritsani chilichonse. Lero tizilombo tasanduka abale?"

Priska miyendo inali ikumuphwanyabe.

Anatola chigubu chopanda kanthu, n'kuyang'ana pamene dzuwa linafika. Chambiko china chimene akapemphe kwa amalumewo adzawamwetsera bambo ake kuseri kwa nkhokwe.