Mkamwini amene anafufuta mizere itatu ya malemu

Panali munthu wina, mkamwini wa mwini kampani ya mabasi. Ankamutcha Digiri, poti sankatha kulankhula osatchula pepala lake.

Pakampanipo panalinso bambo wina wachikulire amene anadziphunzitsa yekha zamakompyuta. Iyeyu ndiye analemba pulogalamu ya seva yogulitsira matikiti pafoni. Sevayo inali ndi malaini makumi asanu okha. Foni ikalowa, laini inkakhala yotsegula kuti munthu asankhe basi ndi mpando osayambiranso. Koma bamboyo anaikamo mizere itatu yolamula kuti foni ikangoti zii masekondi makumi awiri, idulidwe.

Bamboyo atadwala, Digiri anapita kuchipatala. Sikuti kukazonda ayi, kukatenga pasiwedi.

"Zina zonse usinthe, mwana wanga," anatero wodwalayo, "koma kodula kaja usakakhudze."

"Madala, kasitomala sathamangitsidwa. Zimenezo n'zachikale. Inu pumani."

Anapumadi. Sabata isanathe chiikireni maliro, Digiri anafufuta mizere ija.

Lachisanu m'mawa anthu ankatsegula tsamba, kuona nthawi ya basi, n'kubweza foni m'thumba. Ena chaji inawathera, ena netiweki inawathawa. Seva inangowadikira onsewo ngati chitsiru. Pofika teni koloko malaini onse anali atagwidwa ndi mafoni osalankhula, ofuna matikiti akukanika kulowa. Mabasi ananyamuka ndi mipando yokhayokha.

Tsiku lomwelo mkazi wa malemu anabwera kudzatenga jekete ndi kapu ya mwamuna wake. Anapeza bwana, mwini kampani uja, akukalipira Digiri.

"Ndi zinyalala zimene anatisiyira malemu, apongozi," anatero Digiri. "Munthu wosapita kusukulu mungamutani?"

Makalaliki amene anagwira ntchito ndi bamboyo zaka khumi ndi ziwiri, omwe analira mokweza pamaliro, anangoyang'ana pansi. Wina mpaka anati, "Zoona, bwana." Mayiyo anapinda jekete n'kutuluka. Kapu anaisiya.

Kubwezeretsa mizere ija n'kwa mphindi ziwiri, koma kutero n'kuvomera kuti wakufayo ankadziwa. Ndiye mpaka lero Digiri amakhala pafupi ndi seva, malaini akadzaza iye kuzimitsa n'kuyatsa, kuzimitsa n'kuyatsa, tsiku lonse, atamanga tayi.

Phunziro: Laini ukaisiya yotsegula uiikire malire, wokhala chete umudule kuti ena alowe. Ndipo musamanamizire munthu poti sangadzuke kudzakuyankhani. Amayi, omwe anasiya kapu aja, mpaka pano amatifunsa ife ana awo ngati n'zoona kuti bambo ndiwo anawononga ntchito. Tumizani uthengawu m'magulu onse mpaka uwapeze oyang'ana pansi aja. Akudzidziwa.