Kompyuta Yokana Kudzuka

Kompyuta ya mu ofesi yogula mpunga inangolira kamodzi, n'kulemba mzere umodzi wachingerezi, basi.

Habiba, wotayipa makalata, anatsamira khoma. Lachisanu lapitalo, pofuna malo osungiramo ntchito yake, anafufuta mafayilo onse amene sanawalembe yekha.

"Makina a boma awa, a Alufandika," anatero bwana, akusisita baji ya chipani pajekete. "Mundiuze wawaononga, dzina lipite kulikulu."

A Alufandika, okonza makina, anali asanasase n'komwe fumbi la basi ya ku Lilongwe. Anatulutsa diski m'thumba la malaya, naiuzira, nailowetsa. Kompyuta inadzuka. Zala zawo zinayenda mofatsa ngati za msodzi wosoka ukonde, kenako zinaima.

Anaona chimene chinachitika. Habiba anadziwa kuti aona.

Anabwezeramo mafayilo osowawo, nachotsa diski, nayatsanso. Kompyuta inadzuka yokha.

"Ndi chinyezi cha kunyanja kuno, bwana. Dzina lolemba ndi limenelo."

Bwana atatuluka akung'ung'udza, a Alufandika anamukokera mpando Habiba.

"Khalani apa, achemwali. Ndikuonetseni mafayilo amene sitiwakhudza."