Chivindikiro Chimene Vasco Sanabwezere

Panali munthu wina ku Matundo, kutsidya kwa Zambezi, dzina lake Vasco, wokonza magalimoto. Munthuyu analakwa, ndipo lero sakana. Analakwa pa maparafuzo, kapena kuti mabawuti, asanu ndi atatu amene sanamange.

Pansi pa injini ya galimoto pamakhala chivindikiro. Chimathandiza kuti mphepo izidutsa bwino kumimba kwa galimoto, komanso chimatchinga miyala. Pofuna kusintha olyo, mafuta ofewetsa injini, umayamba wachimasula, ukamaliza n'kuchibwezera. Vasco ankamasula, osabwezera. Dzuwa la ku Tete mukulidziwa. Kugona chagada kunsi kwa injini yotentha, dzanja lina litagwira chitsulo, lina likusaka bowo la parafuzo, iye ankaona ngati chilango.

Mwini galimoto akafunsa, yankho linali lomwelo: "Chimenechi n'cha mphepo chabe, patrau. Misewu yathuyi mukuthamangira kuti?" Ambiri sankafunsa n'komwe. Ndani amasuzumira kunsi kwa galimoto yake? Zivindikirozo Vasco anafolera khola la nkhuku kuseri kwa nyumba.

Amene ankasuzumira anali mmodzi yekha, Lino, mnzake amene anabwerera naye limodzi kuchokera ku Malawi nkhondo itatha. Lino ankayendetsa malole a malasha ku Moatize, ndipo kagalimoto kake anakaikira chivindikiro chachitsulo.

"Kompadre, mwabwezera?"

"Ndabwezera. Gwadani muone."

"Ndigwada ndithu, ulesi wanu ndikuudziwa. Kwathu ku Tsangano miyala imalumpha ngati achule."

Ankagwadadi, onse n'kuseka.

Chaka china Lino anapita kumudzi pa chapa, minibasi ya kumeneko, kukakumba mbatatesi, ndipo anadwala komweko. M'mawa wina mkazi wake, Catarina, anafika ndi galimoto kwa Vasco.

"Kompadre, musinthe olyo msanga. Ndikukawatenga anzanu, akuti akubanika. Afunika chipatala chachikulu."

Vasco anasintha. Chivindikiro chinali chitagona pambali pake. Anachiyang'ana, nayang'ananso magalimoto atatu amene ankadikira. Wogwada kunalibe. Anachikankhira pansi pa benchi ndi phazi.

"Yatha, komadre. Muyende bwino."

Kupita anayenda bwino. Pobwera, pa msewu wafumbi, mwala unaboola poto wa olyo pansi pa injini. Olyo yense anatayikira m'njira. Injini inauma n'kuzima pakati pa tchire, foni isakugwira. Anakhala pamenepo kuyambira masana mpaka dzuwa kupendeka. Pamene lole ina imatulukira, Lino anali atatsirizika pampando wakumbuyo, mutu uli pamiyendo pa mkazi wake.

Amene anakakoka galimotoyo anali Vasco yemweyo. Analowa kunsi, nalowetsa chala pabowo. Linali ndendende pamalo pamene chivindikiro chimakhala. Anatuluka, napukuta chala pa buluku.

"Msewu woipa uwu," anauza abale.

Pamaliro ananyamula nawo bokosi. Anthu anamuyamika kuti ndi bwenzi lenileni. Sanalire. Atabwerera kunyumba anatenga chivindikiro chija n'kutseka nacho pamene khola linkadontha.

Zaka zisanu ndi chimodzi zinadutsa. Vasco ankadya, ankagona, ankapita kutchalitchi. M'mawa uliwonse potsegulira nkhuku ankachiona chitsulocho, osamva kalikonse. Anayamba kubwezera zivindikiro za anthu ena, koma cha Lino chinakhalabe pakhola.

Loweruka lina Catarina anabwera kudzafuna tambala wa chikumbutso cha mwamuna wake. Anaima pakhola pomwepo, dzanja litatsamira pa denga.

"Mwafika bwanji, komadre? Galimoto ili kuti?"

"Pa chapa. Ine chiwongolero sindinachigwirenso chichokereni tsiku lija."

"Chifukwa?"

"Mukufunsa? Ndinawapha ndine. Ankandiuza ali kumbuyoko, akubanika, kuti Catarina pang'onopang'ono, miyala iyi. Ine osamva. Kenako anati, chabwino thamanga, Vasco anamanga chivindikiro. Ndinathamanga mpaka mwala unapyola chitsulo. Ana anga sindinawauze. Ndingawauze bwanji?"

Ankayankhula mosakweza mawu, chala chikukanda dzimbiri la chitsulo chomwecho. Vasco anamugwirira tambala, namuperekeza mpaka pamsewu. 

M'mawa mwake anazula chivindikirocho pakhola. Sanachitsuke. Anakwera nacho chapa, ndowe za nkhuku zili pomwepo. Wolipiritsa anamuseka.

"Madala, chitseko cha chimbudzichi mukupita nacho kuti?"

 Vasco anawoloka mlatho, natsikira kudera la Samora Machel, kumene Catarina ankakhala. Anapeza Catarina akuyanika zovala, mwana wake wamkazi, Dalva, akumupatsira zopanira. Anaika chitsulocho pansi, nagwada pafumbi monga ankagwadira Lino.

"Komadre, ichi ndi chivindikiro cha galimoto yanu. Tsiku lija sindinabwezere. Munayenda injini ili pamtunda. Simunapyoze chitsulo inu, chitsulo chinali kwa ine, chikufunda nkhuku. Lino anandikhulupirira mpaka pomaliza, ine ndinaona maparafuzo asanu ndi atatu kuchuluka. Dzulo munadziimba mlandu pamaso panga, ndinakupatsani tambala. Dalva, mwana wanga, mayi ako alibe mlandu. Ndine. Sindikupempha kuti mundikhululukire lero. Pepani. Ndinalakwa."

Phunziro: Chimene wamasula, bwezera, ngakhale mwini wake asagwade kuti aone. Amakanika, chivindikiro cha kunsi si chokongoletsera. Eni magalimoto, musanachoke pagalaja suzumirani pansi. Ndipo ngati wina akusenza mlandu umene uli wako, usadikire zaka zisanu ndi chimodzi. Nkhaniyi tumizirani amene amakukonzerani galimoto, ndi aliyense amene ali ndi ulendo wa msewu wafumbi.