Uvuni wa Mayi Robiya

Sanobar anali atalowetsa mutu ndi mapewa m'tandiri, uvuni wadothi wa apongozi ake, akupala mafuta a nkhosa amene anaumirira m'khoma ngati phula. Mpeni wobuntha unkalira kwe kwe kwe, mwaye ukumugwera m'maso. Kwa zaka khumi ndi zinayi anakhala akumata buledi ndi samusa m'menemo. Lachisanu limeneli linali tsiku lake lomaliza pakhomopo.

Mwamuna wake, Davron, anamusiya ukwati Lachiwiri ati chifukwa chobereka ana aakazi okhaokha. Loweruka ankalowetsa wina, Shahlo, mtsikana wogulitsa mankhwala mumzinda wawo womwewo wa Kokand, ndipo anali ataitana alendo mazana awiri. Mayi Robiya, amayi ake a Davron, sanayankhulepo ngakhale liwu limodzi lomuikira kumbuyo mpongozi wawo. M'mawa umenewo anangomuuza, maso ali m'kapu ya tiyi, kuti asananyamule katundu wake ayambe wayeretsa uvuni, alendo angamve kuwawa kwa mwaye m'samusa.

Sanobar anayankha kuti wamva. Mumtima munali moto.

Mkazi aliyense mumsewu wawo ankadziwa kuti tandiri sathira madzi. Umapala, n'kupukuta ndi kansanza konyowa pang'ono, basi. Dothi likamwa madzi limaoneka louma pamwamba, koma moto wa mapesi a thonje ukangokolera limang'aluka, zonse zomatidwa m'khoma n'kugwera m'phulusa.

N'chifukwa chake ankapala mosanyengerera. Anachotsa mafuta, anachotsa mwaye, anapitirira mpaka kusenda khungu lolimba limene moto wa zaka makumi anayi unasiya, dothi lotuwa n'kuonekera. Zala zinatuluka magazi koma sanaleke. M'maganizo ankamuona Davron ali mu jekete yatsopano, akuyendayenda pakati pa alendo a mbale zopanda kanthu. Ankawaonanso Mayi Robiya, amene ankanyadira uvuniwo kuposa mwana wobereka okha, ataima pa mapale ake anthu akunong'onezana. Ameneyo ndiye ankafuna kwambiri kuti zimuwawe, nkhalamba imene anaisambitsa ndi kuidyetsa chaka chonse itathyoka mwendo.

Atamaliza kupala anakatunga ndowa pampopi. Ankathira ndi kapu, pang'onopang'ono, kuzungulira khoma lonse kuti madzi asangotsetsereka koma alowe. Dothi linamwa ndowa yoyamba yonse. Linamwanso yachiwiri.

Akubwera ndi yachitatu anamva ndodo ikugogoda pansi. Mayi Robiya anali ataima pafupi ndi uvuni, akuyang'ana matope amene ankatuluka pakabowo ka mpweya m'munsi.

"Ukutani, Sanobar?"

"Ndikuyeretsa, mayi, monga munanenera."

Sanobar sanatsitse maso. Anatula ndowa pansi n'kudikira, kaya ndi ndodo, kaya ndi kukuwa koitana Davron ndi msewu wonse. Zonsezo anali atazikonzekera, ndipo zimene anachitazo panalibe wozibweza.

Nkhalambayo inapisa dzanja mu uvuni, n'kusisita khoma kuchokera pamwamba mpaka pamene mkono unalekezera. Inayang'ana zala zake kwa kanthawi, kenako inafunsa kuti wathira ndowa zingati. Sanobar anati ziwiri.

Mayi Robiya anapukusa mutu.

"Anaumba ndi malemu bambo ake a Davron uwu, ndipo ankachindikalitsa khoma. Ziwiri sizingauswe." Anatsamiritsa ndodo pakhoma n'kumulanda kapu. "Shahlo wanena kuti salowa m'nyumba muno ine ndilimo, ndipo Davron wavomera. Lolemba akukanditula kunyumba ya okalamba ku Fergana. Katunge zina zinayi, mwana wanga, ndizithira ndekha."