Dothi Lili Ngati Sefa

Amene anandiuza nkhaniyi ndi wometa wina wa pasiteshoni ya basi. Akuti mayi wina anaitanitsa mkulu woyeza madzi, poti chitsime cha palendi pawo chinkanunkha ndipo mwana wake ankatsekula m'mimba.

Mkuluyo anayang'ana chimbudzi chomwe landilodi anakumba pafupi ndi chitsimecho, n'kuseka.

"Musade nkhawa, mayi. Dothi lili ngati sefa. Zoipa zimatsala, madzi amadutsa oyera."

Mayiyo anapita pachitsimepo. Anatunga kapu yodzaza, tinthu tikuyandama pamwamba.

"Ndiye imwani osefawo, bambo."

Bamboyo anamwa, misozi ikulengeza, n'kupukuta pakamwa.

"Mwaonatu? Chitsimechi sititseka."

Zoti chitsime sanatseke ndikukhulupirira. Koma zoti bamboyo anamezadi, ine ndikukayika.