Fungo la Pansi pa Mpando

Fungo linayamba kumveka atangotuluka mu mzinda wa Hamilton. Yotamu analizindikira msanga: nsomba zouma, zokhalitsa m'jumbo. Anatsitsa galasi la galimoto pang'ono n'kuyang'ana cham'mbali. Mathilda, chibwenzi chake, anali atakwinya kale mphuno.

"What's that smell, babe?" Mathilda anafunsa. Makolo ake ndi a ku Malawi, koma iye anabadwira kunja konkuno, ku Oakville, ndipo Chichewa amachimva patalipatali ngati wailesi ya kwa aneba.

"Ndi minda. Alimi akuthira manyowa," Yotamu anayankha, maso ali pamsewu.

Bodza limenelo silikanafika patali. Ulendowu anaukonza yekha. Anachita hayala kampa, galimoto yokhala ndi bedi ndi kakhitchini mkati, kuti akayende m'timisewu ta kumidzi poti chisanu chinali chitatha ndipo mitengo ya maapozi inali mbuu ndi maluwa. M'thumba la jekete yake munali mphete. Ndiye tsiku lomuveka mwana wa eni mphete, galimoto izinunkha ngati msika wa nsomba?

Mwini fungolo ankamudziwa. Kumbuyo kunakhala Rajabu, mnzake wa kalekale, ndi mkazi wake Saumu. Rajabu anali atangobwera kuchokera kwawo ku Mangochi, ndipo m'mawa uja analowa m'kampa atanyamula phukusi ndi manja awiri ngati khanda. Linali lokulungidwa m'majumbo, lomangidwa ndi kansalu ka chitenje chobiriwira. Analiika pansi pa mpando. Munthu wa kunyanja sangayende wopanda nsomba, Yotamu anadziyankhulira mumtima, ngakhale mutamutumiza kumwezi.

"Achimwene, tikaima ndili nanu mawu," anatero Rajabu.

"Nenani pompano."

"Ayi, si mawu onenera munthu ali pachiwongolero. Mpaka tikhale pansi."

Mawu okhalira pansi Yotamu sankawafuna. Chimwalirire mayi ake ku Balaka mu Januwale, iye osapita kumaliro, ankazemba aliyense wochokera kumudzi. Ena amakupepesa ndi pakamwa kwinaku akukuweruza ndi maso.

Dzuwa linakwera, m'kampa munafunda, fungo nalo linanenepa. Mathilda anatsitsa galasi lake lonse. Yotamu anakumbuka tsiku lina ku ofesi ku Toronto, atatenthetsa usipa mu maikulowevu. Palibe anamunena. Mayi wina anangonyamuka n'kuyamba kupopera mankhwala onunkhira m'chipinda monse, akumwetulira mwaulemu. Kuchokera tsiku limenelo usipa anausiya, ndipo ankauza anthu kuti umamutupitsa m'mimba. Lero manyazi aja anamubwerera onse, makutu mpaka kutentha.

Pa katauni kena anaima kuti amwetse mafuta. Anzakewo analowa m'sitolo kukagula khofi. Yotamu anatsala, ati aone matayala. Chitseko cha sitolo chitangotsekeka, anagwada n'kukoka phukusi lija. Mfundo ya kansaluko inali yomanga kawiri, nsonga zake zopisiridwa mkati, ndipo zala zake zinaima kaye pamenepo ngati zikukumbuka kanthu. Koma kuseri kwa sitolo galimoto yotola zinyalala inali ikubwerera chambuyo. Mwayi wotere subwera kawiri pa ulendo umodzi. Anathamanga, kuliponya m'bini lalikulu, n'kuima kuonerera bini likukwezedwa m'mwamba, zonse khuthu, zitsulo n'kuyamba kutafuna.

Anadzola sanitayiza m'manja mpaka m'zigongono. Ndikamugulira zina ku sitolo ya zakudya za ku Africa, anadzilimbitsa mtima. Nsomba ndi nsomba basi.

Kuyambira pamenepo ulendo unakoma, kunena zoona. Msewu unkakhotakhota m'timapiri tobiriwira, mahatchi akudya m'makola, mathirakitala akugalauza dothi lakuda. Mathilda anakweza galasi, kujambula zithunzi, kenako n'kutsamiritsa mutu paphewa pake. Yotamu anayamba kuimba likhweru. Chikumbumtima chinkagogoda ndithu, koma chapansipansi, ndipo iye anakweza wailesi.

Chakumasana anaima m'mbali mwa mtsinje wodzaza ndi madzi a chipale chosungunuka. Malo ake enieni. Yotamu anagwira thumba la jekete, mphete inalimo. Saumu anayala nsalu pa udzu, onse n'kukhala pansi.

"Eya, tsopano takhala," anatero Rajabu. "Dikirani pang'ono."

Analowa m'kampa. Anachedwa. Kunamveka makabati akutsegulidwa, zikwama zikukokedwa, matiresi akutembenuzidwa. Potuluka, nkhope yake inali itagwa.

"Saumu, phukusi lija wasuntha ndiwe?"

Saumu anapukusa mutu. Yotamu anaseka kaphwete kouma, kofuna kuti nkhani ithe msanga.

"Achimwene, musavutike, ndataya ndine pomwe tinamwetsa mafuta paja. Pepani, koma nanunso munamva mmene zimanunkhira. Anthu amalephera kupuma. Tikabwerera ndikugulirani zina, zabwinonso kuposa zimenezija."

Palibe anaseka naye. Saumu anagwira pakamwa. Rajabu anakhala pansi pang'onopang'ono, navula chipewa chake.

"Silinali langa, achimwene," anatero motsitsa mawu. "Ndinadzera ku Balaka kukapepesa maliro, ndiye alongo anu anandipatsira. Mayi anamanga okha ali pamphasa, n'kunena kuti limeneli akamasule Yotamu ndi manja ake."

Yotamu anayang'ana manja akewo. Ankanunkhira sanitayiza.