Mpando Umodzi mu Helikopita

Ragnhild anali atachapa, atakolopa, atafosholanso chipale chofewa pakhomo. Anali atangokhala pansi kuti ayamwitse khanda lake, Tuva, pamene Sindre, mwana wake wazaka zitatu, anakoka chingwe cha ketulo yowira.

Ambulansi inafika msanga, koma inapitirira njira ya kuchipatala n'kukaima pabwalo la mpira.

"Mwasochera kapena? Chipatala mwachisiya kumbuyo," anatero Ragnhild.

"Uko sangamuthe, mayi," anatero namwino wa mu ambulansiyo. "Wapsa chifuwa chonse. Anzathu a kuofesi aimbira kale madokotala a zilonda zamoto ku Bergen. Bedi lapezeka, helikopita ili m'njira."

Itatera, dokotala wake anayang'ana khanda limene Ragnhild ananyamula. "Mpando watsala umodzi, ndipo khanda tilibe polimangirira."

Mwamuna wake anali kutali panyanja ndi sitima ya nsomba. Amene analipo ndi Oddvar, nkhalamba ya nyumba yoyandikana nawo, yomwe inawalondola pagalimoto.

"A Oddvar, munanyamulako mwana chibadwire?" anafunsa Ragnhild.

"Ana a nkhosa okha."

"Sizisiyana. Mukagule mkaka wa m'chitini, ndipo muziyamba mwaudontheza pamkono musanam'patse."

Sindre anali atasiya kulira, ndipo chimenecho n'chimene chinamuopsa Ragnhild kwambiri. Anapereka khandalo osaliyang'ana kumaso, n'kukwera.

Ku Bergen anakhalako masabata atatu. Madokotala anam'senda Sindre khungu lapantchafu kawiri kuti amate pachifuwa. Mkaka wa Ragnhild unauma sabata yachiwiri. Tsiku limene anabwerera, Tuva analira m'manja mwake ngati wanyamulidwa ndi mlendo.